Nyali zatsopano zachita nthunzi m'kati: ndizimate ndi silikoni?

Funso: Nyali zakutsogolo zimene galimoto yanga inabwera nazo zinachita chikasu, ndiye ndinazichotsa n'kuikamo zatsopano zosakhala orijino, zopangidwa ndi kampani ina, ndipo ndinaikamo mababu a LED. Sipanathe milungu itatu, yakumanzere yayamba kuchita nthunzi m'kati m'mawa uliwonse. Tsiku limene ndinatsukitsa galimoto ndinaona madontho akutsetsereka m'kati mwa galasi, pansi pake patadikha timadzi. Yakumanja imangochita mbuu m'makona, kenako n'kuyera. Mnzanga akuti ndizimate zonse ziwiri ndi silikoni paliponse pamene pali mpata. Ndichite zimenezo?

Yankho:

Bambo, silikoniyo muyambe mwamusiya m'chubu momwemo. Mnzanuyo akukufunirani zabwino, koma mukamata paliponse pamene pali mpata mutseka ndi malo amene nyali imapumira, ndipo chinyezi chimene chili m'katimo chidzasowa potulukira. Ndalandirapo nyali zambiri zomatidwa choncho, zina zili ndi madzi oti n'kukhuthula, eni ake akudabwa kuti alowera pati pamene anatseka ponseponse. Malinga ndi mmene mwafotokozera, nyali yakumanja ilibe vuto. Yakumanzereyo ndi imene ikulowa madzi penapake, ndipo malowo tiyenera kuwapeza ndi maso, osati kuwaphimba mongoganizira.

Nyali ya galimoto ya masiku ano siinapangidwe kuti ikhale yotsekeka ngati botolo. Zotsekekeratu zinaliko kale. Kuyambira mu 1940 magalimoto a ku America ankayenera kukhala ndi nyali zotchedwa sealed beam, zimene galasi, chonyezimira ndi kawaya koyaka kaja zinali chinthu chimodzi, moti ikapsa munkataya yonse. Mu 1983 lamulo la kumeneko linasintha n'kulola nyali zosintha babu lokha, ngati mmene zinalili kale ku Ulaya. Lero nyali ndi chigoba chachikulu cha pulasitiki chodzaza mpweya, kutsogolo kwake kuli galasi limene kwenikweni ndi pulasitiki wolimba wotchedwa polycarbonate. Mpweya ukatentha umafufuma. Ukachoka pa madigiri 20 kufika pa 60, zomwe si zachilendo m'nyali yoyaka pafupi ndi injini yotentha, umakula ndi gawo limodzi mwa magawo 8 kapena kuposerapo pang'ono. Ukasowa kopita umakankha msoko wa pamene galasi lakumana ndi chigoba. Ukazizira umakoka msoko womwewo. Tsiku ndi tsiku choncho, msoko uja umatopa n'kutsegula, ndipo ukatsegula umayamwa madzi amvula ngati mwana pabere. N'chifukwa chake opanga nyali amaika timabowo topumira kumbuyo kwa chigoba: pena timapayipi ta labala topindika toyang'ana pansi, pena tizivindikiro tokhala ndi kansalu kapadera kolola mpweya kudutsa koma kokaniza madontho.

Tsono mpweya umene ukulowa ndi kutuluka m'timabowomo umakhala ndi chinyezi chake, ndipo wotentha umanyamula chambiri kuposa wozizira. Malita 1,000 a mpweya wa madigiri 30 amatha kunyamula magalamu pafupifupi 30 a madzi osaoneka, koma pa madigiri 10 amangonyamula pafupifupi 9. Otsalawo amatera pa chinthu chilichonse chozizira chimene ali nacho pafupi, monga mmene botolo lochokera mufiriji limachitira thukuta mukaliika patebulo. M'nyali, malo ozizira kwambiri ndi galasi, makamaka m'makona ndi m'munsi mmene kutentha kwa babu sikufika. Mbuu wa nyali yanu yakumanja ndi ameneyo.

Tiwerengere limodzi, chifukwa masamuwa ndi amene amasiyanitsa nyali zanu ziwirizi. Tiyerekeze kuti nyali yanu imalowa malita 10 a mpweya. Ngakhale mpweyawo utakhuta chinyezi masana kukutentha, usiku n'kuzizira kufika pa madigiri 10, madzi amene angatere pagalasi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a galamu, kapena kuti timadontho tinayi. Timadontho tinayi tikamwazika pagalasi lonse timakwanira kulichititsa mbuu, koma sitingadikhe pansi. Mukaona dziwe, ngakhale laling'ono ngati supuni, madziwo sanabwere ndi mpweya ayi. Alowa ali madzi kale.

Mababu a LED anu nawonso ali ndi mbali pa nkhaniyi, ngakhale si olakwa. Babu wamba la halogen, lija lokhala ndi kawaya koyaka m'kati, monga H7 ya mawati 55, limaponya kutentha kwambiri kutsogolo pamodzi ndi kuwala, ndiye limawotha galasi n'kuumitsa nthunzi mofulumira. LED imatentha kumbuyo, pa kachitsulo ka mapikomapiko kapena pa kafani, galasi n'kukhalabe lozizira. Choncho mbuu amene akanachoka mutayenda mphindi 20 kapena 30 ndi halogen akhoza kuchedwa kwambiri ndi LED, mwinanso kudikira dzuwa. Pulasitiki nayenso amamwa chinyezi pang'ono n'kumachitulutsa akatenthedwa, moti nyali yatsopano imene yakhalitsa m'katoni pamalo achinyezi imatha kuchita nthunzi masiku oyambirira popanda pobooka paliponse.

Ine ndimaweruza motere. Nthunzi yosalala ngati mpweya wa m'kamwa pagalasi, yokhala m'mbali, yobwera kukazizira kapena mukatsuka galimoto, yochoka yokha mukayenda kapena dzuwa likawomba: imeneyo isiyeni. Madontho akuluakulu otsetsereka, madzi odikha, nthunzi yokhala masiku awiri kapena atatu kunja kuli dzuwa, kapena nyali imodzi kunyowa kwambiri kuposa inzake pamene zonse zagona malo amodzi: pamenepo pali pobooka kapena popumira patsekeka. Palinso chizindikiro china chimene ambiri sachiyang'ana. Nthunzi ya mumpweya ndi madzi oyera, ikauma siisiya kanthu. Madzi a pamsewu kapena a papayipi amabwera ndi fumbi ndi mchere wake, ndipo akauma amasiya timizere toyera kapena totuwa m'kati mwa galasi. Walitsani tochi chapambali usiku, mudzationa. Mukatilondola kupita m'mwamba, nthawi zambiri timakufikitsani pamene madzi akulowera.

Musanagwire sikuludiraiva, kumbukirani kuti nyalizi sizinathe mwezi. Jambulani zithunzi zooneka madontho ndi dziwe lija, mupite nazo kwa amene anakugulitsani. Ngati anakupatsani chitsimikizo (waranti), nthawi zambiri chimatha mphamvu mukangotsegula nyaliyo kapena kuipaka chilichonse. Akakusinthirani, ndiye bwino. Akakana, kapena mukapeza kuti vuto lili pa kaikidwe osati pa nyali, pitirizani ndi zotsatirazi.

Yambirani kumbuyo, chifukwa nyali zambiri zimene amabwera nazo kwa ine atangosintha mababu zimalowera madzi kumeneko. Babu la LED ndi lalitali kuposa la halogen, lili ndi kafani ndi kabokosi ka mawaya, ndiye chivindikiro cha kumbuyo chimakana kutseka. Woikayo amachisiya chili pendapenda, kapena kuchiboola ndi mpeni kuti waya adutse, kapena kungochiponya m'buti. Tsegulani boneti, gwirani chivindikirocho ndi dzanja muone ngati chakhala bwino kuzungulira konse. Ngati sichikukwana, zilipo zivindikiro za labala zakuya zopangidwira mababu oterewa. Yezani kukula kwa bowolo mugule cholingana. Waya akamadutsa pachivindikiro adutse m'kamphete ka labala komugwira zolimba, ndipo kunjako mumupinde atsike pansi kaye asanakwere kulowa m'nyali, kuti madzi oyenda ndi waya azidonthera pansi. Musanyengedwe ndi mawu akuti IP67 olembedwa pakatoni ya babu. Mawuwo amatanthauza kuti chinthucho sichilowa fumbi ndipo chimapirira kumizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, koma akunena za babulo, osati za nyali imene mwaliikamo.

Kenako zulani timababu ting'onoting'ono, ta indiketa ndi ta paki. Kalikonse kamakhala ndi kamphete ka labala. Pa nyali zotchipa kamphete aka kamakhala kopyapyala, nthawi zina kopindika, nthawi zina kulibiretu chifukwa woika anasamutsa soketi yakale n'kuiwala mphete yake. Yang'ananinso pamene pamalowa masikuluu osinthira kuloza kwa nyali. Mphete zonsezi muzipake girizi wa silikoni pang'ono. Girizi wamba wa mabeyaring'i ayi, chifukwa amatupitsa labala wa mtundu umenewu n'kumuononga.

Chachitatu ndi timabowo topumira tija. Tipezeni tonse, nthawi zambiri timakhala tiwiri kapena kuposa, kena m'mwamba kena m'munsi, kuti mpweya uzilowa kwina n'kutulukira kwina. Kapayipi ka labala kayenera kuloza pansi. Kakaloza m'mwamba kasanduka fanulo, ndipo kakagwa ndiye patsala bowo lapululu. Tsiku lina anandibweretsera nyali imene inali itamatidwa kawiri konse koma osasiya kunyowa. Nditazula kapayipi ka m'munsi n'kukafinya, munatuluka kachibuma ka dothi louma gwa, kanyumba ka mavu, kodzaza bwinobwino ngati anachita kutsendera ndi chala. Ndinakatsuka, n'kuumitsa nyaliyo, basi vuto linathera pomwepo. Zulani timapayipito, uziranimo ndi pakamwa, mumve ngati mpweya ukudutsa.

Pali chinanso chimene chimachitika pa nyali zosakhala orijino. Makutu ake omangirira salingana ndendende ndi mabowo a pagalimoto, ndiye woika amakoka nyaliyo ndi mphamvu n'kumanga bauti mpaka mapeto. Chigoba chimapotoka pang'ono, msoko n'kuyasama pakona, kapena pamayamba kamng'alu patsinde pa khutu. Masulani mabauti onse muone ngati nyaliyo ikudumpha kubwerera mwakale. Ikatero, kulitsani pang'ono bowo la pakhutu kapena ikani mawashala kuti ikhale mosakakamizidwa, ndipo pomanga muyambe mwalowetsa onse mofewa musanalimbitse aliyense.

Zonsezi zikakhala kuti zili bwino, watsala msoko. Kuti mutsimikize, chotsani nyaliyo pagalimoto, tsekani mabowo onse ndi tepi kusiya limodzi, pakani madzi a sopo kuzungulira msoko ndi pamng'alu uliwonse umene mukuukayikira, kenako uzirani mpweya pang'onopang'ono pabowo lotsalalo ndi pakamwa kudzera m'kapayipi. Pobooka padzatuluka thovu. Kompuresa musagwiritse ntchito, ikhoza kung'amba msoko umene unali wabwino. Ngati simukufuna kuichotsa, iumitseni kaye, kenako thirani madzi a payipi osathamanga kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, malo amodzi kwa mphindi zingapo, wina akuyang'ana m'kati ndi tochi. Mukayambira pamwamba madzi ayenderera ponse ndipo simudziwa pamene alowera.

Kuumitsa kumafuna kudekha, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amamata nyali idakali yonyowa, mawa lake nthunzi yabweranso, n'kumati kumata sikunathandize. Chotsani mababu ndi zivindikiro zonse, khuthulani madzi odikha, ikani nyaliyo padzuwa mabowo ali pululu kwa tsiku lathunthu, kapena uzirani mpweya wofunda wa chowumitsira tsitsi pabowo limodzi uzitulukira kwina. Ukhale wofunda woti dzanja n'kupirira. Galasi likaoneka loyera musathamangire kutseka, chifukwa madzi amabisala kuseri kwa chonyezimira ndi m'makwinya a chigoba; pitirizani kwa ola lina kapena awiri. Musalowetsemo nsalu yokulunga kuwaya kuti mupukute. Chonyezimira chija ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri wokutidwa papulasitiki, amachoka ngakhale ndi chala, ndipo akachoka sabwereranso. Magalasi ena ali ndi mankhwala oletsa nthunzi m'kati mwake amene amakandika mukangowakhudza. Thina, petulo, asetoni ndi mankhwala otsukira mabuleki zisayandikire n'komwe, zimachititsa polycarbonate timing'alu tosawerengeka. Ngati m'kati mwada moti pafunika kutsuka, tsukuluzani ndi madzi otchezedwa (distilled) aja owonjezera m'batire, osati asidi wa batire; madzi amenewa sasiya mchere. Ndipo ngati nyali ili ndi mababu a HID, aja otchedwanso xenon, chotsani kaye waya wa batire musanagwire chilichonse, chifukwa poyatsa amatulutsa mavoti oposa 20,000.

Tsopano za kumata. Nyali zambiri zosakhala orijino zimamatidwa ndi butyl, phula lakuda lonanda limene limafewa likatenthedwa ndipo siliuma gwa. Vuto lake n'loti ku fakitale nthawi zina amaika lochepa. Ndinatsegulapo ina imene kangalande kake kanali kodzaza bwino kuzungulira konse, koma pakona yam'mwamba, pamene nsonga ziwiri za phulalo zinayenera kukumana, panali mpata wotalika ngati chikhadabo, woyera mbee, wosakhudzidwa n'komwe. Madzi onse otsika paboneti ankadutsa pomwepo. Kukonza kwenikweni ndi kutsegula nyaliyo n'kuika butyl watsopano, amene amagulitsidwa ngati chingwe chokulunga.

Mumachotsa timasikuluu ndi tizitsulo togwira galasi, mababu, ndi zamagetsi zonse zimene zingachoke. Mumatenthetsa msoko ndi mfuti ya mpweya wotentha, mukuiyendetsa osaima malo amodzi, kapena kuika nyali yonse mu uvuni pa madigiri 100 mpaka 120 kwa mphindi zochepa, itakhala pathabwa osakhudza chitsulo. Musapitirire pamenepo, pakuti polycarbonate amayamba kufewa chapamadigiri 145 ndipo galasi likapindika latha ntchito. Phula likafewa, kanganulani pang'onopang'ono kuyambira pakona, mutavala magolovesi, mukudula ulusi wa phulalo kuti usagwere pachonyezimira. Kokotani lakale m'kangalande, yalani latsopano mosadukiza, nsonga zake zikumane m'munsi osati pamwamba ndipo zipitirirane pang'ono. Tenthetsaninso, kanikizani galasi mpaka tizitsulo tonse talowa, mangani masikuluu, panani ndi zopanira mpaka izizire. Mukaona phula latuluka pang'ono mofanana kuzungulira konse, mwagwira ntchito yabwino. Nyali zina zimamatidwa ndi guluu wouma gwa amene safewa ndi moto. Mukabaya ndi chikhadabo osalowa, imeneyo musalimbane nayo kunyumba, mudzathyola chigoba.

Nanga silikoni wa mnzanu uja? Ali ndi mavuto atatu. Wamba uja wonunkha ngati viniga amatulutsa asidi akamauma, ndipo mpweya wakewo ukalowa m'kati umadyetsa zitsulo za mawaya dzimbiri n'kusiya chifunga pagalasi chimene simungachipukute. Chachiwiri, silikoni sagwira bwino papulasitiki wa chigoba, amene kawirikawiri ndi polypropylene. Pakapita miyezi amasendeka m'mphepete n'kusanduka kathumba kosunga madzi pamwamba pa msoko penipeni. Chachitatu, tsiku limene mudzafune kukonza bwinobwino, butyl sadzagwira pamene padapakidwa silikoni mpaka mutapala zonse. Ngati mwapeza pobooka pamodzi podziwika ndipo simungathe kutsegula nyali, tenthetsani pamalopo n'kukanikiza kuti phula lakale ligwirane, kenako tsenderani kachidutswa ka butyl kunja kwake. Mukakakamizika kugwiritsa ntchito silikoni, akhale wosanunkha viniga, mupake kunja kokha, pamsoko pokha, nyali itauma ndi kuyera, ndipo timabowo topumira musatiyandikire.

Ena amaika m'nyali timapaketi ta silica gel, timikanda toyamwa chinyezi. Timathandiza kumaliza chinyezi chotsalira mukangoumitsa, koma si mankhwala okhalitsa. Silica gel amamwa madzi ofika mwina magawo 40 pa 100 a kulemera kwake, ndipo poti nyali imapuma mpweya wakunja tsiku lililonse, amakhuta. Akakhuta n'kutenthedwa amabwezanso chinyezicho m'nyali momwemo. Mukafuna kumuika, mangirirani kapaketiko m'kati mwa chivindikiro cha kumbuyo pamene mungakafikire, kutali ndi babu ndi kafani, ndipo muzikasintha. Kongoponyedwa m'kati kamang'ambika, timikanda take n'kumwazika kuseri kwa chonyezimira.

Enanso amaboola chigoba ndi dirilo. Sindiletsa kotheratu, chifukwa zilipo nyali zotchipa zimene popumira pake ndi pamodzi pokha, kapena anangojambula malo ake osaboola. Koma bowo lopanda chotchinga limalowetsa fumbi, tizilombo ndi madzi a m'matayala. Mukaboola, boolani kumbuyo kapena pansi pa chigoba, osati pagalasi, nyali itachotsedwa ndipo bowolo likuyang'ana pansi kuti zinyenyeswa zisagwere m'kati, kenako ikanipo kapayipi kopindika kapena kansalu kopumira komata kamene amagulitsa kaamba ka ntchito imeneyi.

Mwatchula za tsiku lotsukitsa galimoto, ndipo mpake kuti madontho anaoneka tsiku limenelo. Nyali yotentha ikathiridwa madzi ozizira, mpweya wa m'kati umanyala mwadzidzidzi n'kukoka chilichonse chimene chili pakamwa pa bowo kapena pamsoko. Kuwonjezera apo, makina opopera madzi mwamphamvu amakankha madzi kudutsa pamphete zimene mvula siingadutse. Mukafika kotsukitsa, zimitsani nyali mudikire mphindi 10 kapena 15 zizizire, ndipo muwauze otsukawo kuti asalozetse mpopewo pafupi ndi m'mphepete mwa nyali kapena kumbuyo kwake akamatsuka injini.

Nyali yakumanzereyo musaichedwetse. Madzi akakhalitsa amadetsa chonyezimira, amadyetsa masoketi dzimbiri, amapha kafani ka LED, ndipo pa nyali zokhala ndi timizere ta LED tomangidwira m'kati amaotcha kabolodi ka zamagetsi kamene sikasinthika patokha. Ngakhale zisanafike pamenepo, madontho a pagalasi amamwaza kuwala, inu n'kumaona pafupi pamene amene mukukumana nawo akuthobwa m'maso. Mukaitsegula n'kupeza kuti chonyezimira chayamba kale kutuwa kapena kusendeka, kumata sikubweza kuwalako, imeneyo ndi yosintha basi. Ndipo mukaibwezera pagalimoto, imikani galimotoyo pamalo osalala moyang'ana khoma usiku, muyatse zonse ziwiri, muone ngati mzere wa kuwala wa yakumanzere walingana ndi wa yakumanja, chifukwa nyali ikachotsedwa kawirikawiri siibwerera ndendende pamene inali.